Za Akavalo ndi Maulendo Atali

Anthu ambiri a kwathu kuno kwa Khwethemule, obadwira pakati pa minda ya tiyi ya ku Thyolo, akula kufikira kumera imvi osaona kavalo ndi maso ao. Amdziwa m'zithunzi za m'mabuku a sukulu basi. Ngakhale dzina lomwelo siliri lathu. Pakuti mau akuti kavalo tinawabwereka kwa Apwitikizi a ku Zambezi, monganso mau akuti bulu, ndipo abale athu amene anakagwira nchito ku Harare ndi ku Joni anabwera ndi dzina lina, lakuti hachi. Koma mbidzi, imene iri mbale wace wa kavalo, iri nalo dzina la makolo athu kuyambira kale lomwe. Tsono funso lathu mwezi uno ndi ili: cinaletsa nciani kuti nyama imene inanyamula anthu a maiko ena pa maulendo atali isakhazikike pakati pa ife? Ndipo iwo amene anaisunga, anaisunga bwanji kale, naisunga bwanji lero?

M'caka ca 1571 mkulu wa nkhondo wa Apwitikizi, dzina lace Francisco Barreto, anakwera mtsinje wa Zambezi ndi gulu lalikulu, nafika ku Sena, kumtunda pang'ono kwa malo amene Shire wathu atsirira m'Zambezi. Anali pa ulendo wa kukalanda migodi ya golidi ya Mwene Mutapa, ndipo anadza ndi akavalo. Asanapite patali akavalowo anayamba kudwala ndi kufa, ndi anthu omwe anagwidwa malungo. Pofunafuna cifukwa cace, Apwitikizi ananeneza amalonda a Cisilamu okhala pa Sena kuti athira mankhwala akupha m'msipu ndi m'madzi. Ndipo wansembe wa pa ulendowo, Francisco Monclaro, anabvomereza mlanduwo. Anawagwira amalonda aja, nawapha imfa zoopsa zimene sitifuna kuzilemba m'tsamba lino. Lero tidziwa kuti cigwa cija ciri nao matenda ace a akavalo, ndi kuti sipanafunika munthu wakuthira kanthu m'udzu. Anthu aja anafera mlandu wa nchenche.

Zitapita zaka 260, mu 1831, António Gamitto anacoka ku Tete pamodzi ndi Major Monteiro, napyola dziko la Amaravi ndi Acewa kunka kwa mfumu Kazembe, kufupi ndi nyanja ya Mweru. Iye anakwera bulu. Ndipo asimba m'buku lace kuti polowa m'mudzi wa mfumu anthu anazizwa, nayesa kuti aona munthu wa miyendo isanu ndi umodzi. Angoni a Zwangendaba, pooloka Zambezi mu 1835, anadza wapansi ndi zishango zao. Koma m'zaka zomwezo Asotho a mfumu Moshoeshoe anali kupeza akavalo ao oyamba, ndipo posacedwa anasanduka mtundu wa okwera, cifukwa mapiri a kwao ali atali ndi ozizira.

Dr. David Livingstone anaidziwa bwino nchenche yochedwa kashembe, nalemba m'buku lace la 1857 kuti ipha ng'ombe, kavalo ndi galu, koma nyama za m'chire siizipweteka. Anafuna kuyesa ngati pali ciweto cina cakutha kupirira. Potero mu 1866, pa ulendo wace wotsiriza, anatsika m'combo pa Mikindani ndi ngamira 6, njati zoweta za ku India 3 ndi mwana wa njati mmodzi, nyulu 2 ndi abulu 4, nayamba kutsata mtsinje wa Rovuma kulinga ku nyanja yathu. Pofika kwa Mataka, m'dziko la Ayao, pafupifupi zonse zinali zitafa. Koma kuyesako sikunaphunzitsa kanthu, pakuti asilikali a ku India amene anaziyang'anira anazisenzetsa katundu wopitirira muyeso, nazimenya kufikira zironda, nazisiya padzuwa ndi akatundu pamsana. Kotero kuti Livingstone mwini wace anadandaula kuti sakhoza kudziwa cimene cinazipha, kapena kashembe kapena nkhanza. Owerenga athu asunge nkhani iyi, cifukwa adani awiri omwewa, nthenda ndi dzanja la munthu, tidzakomana nao kutsogoloku.

Popeza kavalo sanakhala, nchito yace inagwera munthu. Pamene kampani ya African Lakes, imene tonse tiichula Mandala, inayamba malonda ace mu 1878, katundu wocokera m'sitima za pa Shire anakwera phiri kucokera kwa Katunga kufika ku Blantyre pa mitu ya amtengatenga, munthu mmodzi mtolo wa mapaundi 50 kapena 60, natsikiranso ku Matope kumtunda kwa mathithi. Mzungu wa pa ulendo anagona m'macira, ndiwo nsalu yolimba yopacikidwa pa mtengo wa nsungwi; anyamata 12 kapena oposa anatsagana naye, ena kunyamula, ena kuthamanga pambali kulindira nthawi yao ya kulandira, onse alikuimba kuti mapazi agwe pamodzi. Gulu labwino linatha mtunda wa pakati pa Blantyre ndi Zomba, mailosi 40, tsiku limodzi. Makalata a Boma anayenda momwemo, m'manja mwa othamanga olandirana usana ndi usiku. Kuno ku Thyolo, kumene Azungu analemba Cholo, minda ya khofi ndi fodya, ndi pambuyo pace ya tiyi, inatsegulidwa ndi makasu a Amang'anja ndi a Alomwe amene anadza wapansi kucokera ku dziko la Apwitikizi, ambiri a iwo pansi pa lamulo lowawa la thangata. Ndipo zokolola zambiri zinatuluka pamutu kufikira njanji ya Shire Highlands inatsegulidwa mu 1908, yopita pa Luchenza. Nzoona kuti Azungu ena a m'mapiri muno anasunga akavalo oyendera minda ndi ocitira masewera, ndipo dzina la Gymkhana Club ya ku Zomba likumbutsa masewera amenewo. Koma anali owerengeka, a mtengo wapatali, ndi osayenera kutsikira nao kucigwa.

Nkhondo yaikulu ya 1914 kufikira 1918 inaonetsa cinthu ici poyera. Mu 1916 General Smuts analowa m'dziko la Ajeremani, limene lero ndi Tanzania, ndi Maburu ambiri okwera pa akavalo, anthu odziwa kavalo kuyambira ubwana wao. Koma m'miyezi yowerengeka akavalo zikwizikwi anagona m'njira, ndipo okwera anasanduka oyenda pansi. General Northey, amene anayambira ku Karonga caka comweco, anadalira mitu ya anthu; ndipo olemba mbiri awerenga kuti amuna a dziko lino amene anatengedwa kukhala amtengatenga pa nkhondoyo anafika pafupifupi 200,000. Zikwi za iwo sanabwerera kwao. Anatha ndi njala, kamwazi ndi cibayo.

Nanga matenda amene anakaniza kavalo ndi ati? Woyamba ndi uja wa kashembe, wokhala m'nkhalango zotentha za kucigwa ndi za kunyanja. Waciwiri ndi nthenda ina imene igwira akavalo pakutha pa dzinja: kavalo amene anadya bwino dzulo apuma mobvutika lero, pamwamba pa maso patupa, thobvu lituluka m'mphuno, ndipo mawa wafa. Mwa akavalo 10 ogwidwa nayo, 9 akhoza kufa. M'dziko la Cape inapha akavalo monga 70,000 m'zaka za 1854 ndi 1855 zokha.

Alimi a kumeneko, pamodzi ndi abusa ao acikuda amene anacezera ndi ziwetozo, anapeza malamulo ao mwa kupenyetsetsa, opanda buku. Anati, kavalo alowe m'khola dzuwa lisanalowe, ndipo asatuluke m'mawa kufikira mame atauma. Anasonkha moto pakhomo pa khola kuti utsi ufuke usiku wonse. Mvula ikaculuka anakwera nao ku mapiri atali, nakhala komweko kufikira cisanu coyamba citagwa. Pomanga msasa pa ulendo anapewa madambo ndi magombe a mitsinje. Ndipo kavalo amene anadwala nacira anamgula ndi mtengo woposa ndithu wa anzace, cifukwa anaona kuti kawirikawiri sadwalanso. Anamucha kavalo wothiridwa mcere. Mukadawafunsa cifukwa ca zonsezi, akadayankha kuti nthenda iri m'mame ndi m'nkhungu ya usiku, ndi kuti kavalo aidya pamodzi ndi udzu wonyowa.

Anzeru a mankhwala anadza pambuyo. David Bruce, dotolo wa asilikali, anatumidwa ku Ubombo m'dziko la Azulu mu 1894, iye ndi mkazi wace Mary amene anagwira naye nchito yonse. Ndipo poyang'ana mwazi wa ziweto zodwala m'galasi lokuza zinthu, anaona tizirombo tosambira m'menemo. Anatsitsa akavalo amoyo kucigwa ca kashembe kwa maora pang'ono, osawalola kudya kapena kumwa kanthu kumeneko; atabwera nao kuphiri anadwala. Pamenepo kunatsimikizika kuti nchenche ija itenga tizirombo m'mwazi wa nyama za m'chire, nitilowetsa m'ziweto. Bruce yemweyo anakhala m'dziko lathu kuyambira 1912 kufikira 1914, pa phiri la Kasu m'boma la Dowa, kufufuza za nthenda ya kaodzera.

Nthenda inayo inatenga nthawi yaitali. Arnold Theiler, Mswisi wa dzanja limodzi amene anayambitsa nyumba ya kufufuza matenda a ziweto ku Onderstepoort pafupi ndi Pretoria mu 1908, anali mmodzi wa iwo amene anaonetsa kuti coidzetsa ndi kacirombo kocepetsetsa, kosaoneka ngakhale m'galasi lija. M'zaka za m'ma 1930 R. A. Alexander anakonza katemera, atakafoketsa kacirombo pakukapititsa m'ubongo wa mbewa zoyera kambirimbiri. Ndipo mu 1944 R. M. du Toit anapeza wonyamula wace, ndiko kouluka kakang'ono koposa udzudzu, kobadwira m'matope, kamene kaluma kuyambira madzulo kufikira m'mawa, kalephera pa mphepo, nikafa ndi cisanu. Kunadziwikanso kuti mbidzi isunga kacirombo m'mwazi mwace osadwala, ndi kuti bulu apirira koposa kavalo kutalitali.

Onani tsono. Malamulo a akale anapezeka oona, ndipo cifukwa cokha cimene anapereka ndico cinali colakwa. Mame sanapha kavalo ndi mmodzi yense. Koma nthawi ya mame ndiyo nthawi ya kouluka kaja, ndi dambo ndilo kwao. Mau a akulu akoma akagonera. Kufikira lero osunga akavalo ku South Africa ndi maiko oyandikana abaya katemera caka ndi caka mvula isanayambe, natsekerabe akavalo m'khola madzulo monga anacitira makolo ao, cifukwa kacirombo kali ndi mitundu 9, ndipo katemera yekha sachinjiriza kotheratu.

Koma pa nkhani ya kuyendetsa kavalo ulendo wautali sitikhoza kuwayamika akale comweco. Mbiri inali ya wokwera, ndipo kavalo anali ngati nsapato yakutha ndi kutayidwa. M'mwezi wa May 1842 Dick King anacoka ku Port Natal, kumene lero ndi Durban, kukaitana thandizo ku Grahamstown, mtunda wa makilomita 960, nafika m'masiku 10. Ku Durban kuli fano lace ali pa kavalo. Koma mnyamata Ndongeni, amene anatsagana naye wopanda popondera mapazi kufikira miyendo yace inanyuka, nalekera pakati pa njira, anakumbukika mocedwa. Uwo unali ulendo wa nkhondo, ndipo pa nkhondo munthu sasankha. Koma mu October 1892 akulu a asilikali a Germany ndi Austria anacita mpikisano wa dala pakati pa Berlin ndi Vienna, makilomita oposa 570, munthu ali yense kavalo mmodzi. Anapambana Count Starhemberg, amene anatha mtundawo m'maora osakwana 72; kavalo wace, Athos, anafa pambuyo pace, ndi ena oposa 20 anafera m'njira kapena atafika. Okwera ena anamwetsa akavalo ao mowa waukali, ena anawapatsa mankhwala oletsa ululu kuti asamve kutopa.

Panalinso miyambo ina imene osunga akavalo anaigwira ndi mtima woona, koma inali yopweteka. Anati kavalo wa thukuta asamwe madzi, angadwale m'mimba. Anati asathiridwe madzi ozizira pamsana ndi m'ncafu, minofu ingaume. Ndipo akadwala anamtema mtsempha kukhetsa mwazi. Tidziwa tsopano kuti kavalo wothamanga padzuwa ataya malita 10 kapena 15 a thukuta pa ora limodzi, pamodzi ndi mcere wa m'thupi, kotero kuti kummana madzi ndiko kumkumbira dzenje. Ndipo pokonzekera masewera a Olympic a ku Atlanta mu 1996, mudzi wotentha ndi wa cinyezi, anzeru anayesa nkhani ya madzi ozizira ija, napeza kuti kuthira madzi ambiri ozizira thupi lonse ndiyo njira yofulumira ya kupulumutsa kavalo wotenthedwa, ndi kuti siipweteka minofu konse.

Macitidwe atsopano anayambira ku America. Mu 1955 Wendell Robie ndi anzace anakwera akavalo kucokera ku Lake Tahoe, napyola mapiri a Sierra Nevada kufika ku Auburn, mailosi 100 tsiku limodzi, kuti aonetse kuti akavalo a masiku ao sanacepa mphamvu. Ndipo ulendowo, wochedwa Tevis Cup, ucitikabe. Cimene cinausiyanitsa ndi wa Berlin uja ndi cakuti anaika asing'anga a ziweto m'njira, okhala ndi mphamvu ya kuimitsa kavalo ali yense. Ndipo kuyambira 1964 anapereka mphotho ina kwa kavalo wofika ndi thupi labwino koposa mwa 10 oyamba. Ku South Africa mpikisano wotere ucitika ku Fauresmith, m'Free State, makilomita monga 200 m'masiku 3, m'mwezi wozizira wa July. Bungwe loyang'anira masewera a akavalo pa dziko lonse, la FEI, linalandira mpikisano wa mtundu uwu mu 1982.

Mtunda wace, umene ufika makilomita 160 pa mipikisano yaikulu, augawa m'zigawo. Ndipo pakutha pa cigawo ciri conse wokwera atsika, napereka kavalo kwa sing'anga. Iye ayamba ndi kumvera mtima. Mtima wa kavalo wopuma ugunda monga ka 30 kapena ka 40 pa mphindi imodzi, pothamanga upitirira 150. Ndipo lamulo liti utsike kufika pa 64 m'nthawi yoikika, ukapanda kutero ulendo wathera pomwepo. Atatero ayang'ana nkhama ngati ziri zonyowa, atsina khungu kuona ngati libwerera msanga, amvera m'mimba ngati matumbo alikuyenda, apapasa msana pokhala cishalo, namthamangitsa pang'ono kuona ngati atsimphina. Ndipo cozizwitsa koposa ndi ici: ngakhale kavalo afike woyamba pa mapeto, sanapambane kufikira sing'anga atanena kuti akadakhoza kupitirira ulendo. Pa lamulo limeneli Count Starhemberg sakadalandira kanthu.

Tisayese kuti atsopano alibe cirema. Pamene ndalama zambiri zinalowa m'masewerawa, makamaka m'maiko a Aluya a ku Gulf, kumene njira iri ya mcenga wosalala ndipo magalimoto athamanga pambali pa akavalo, liwiro linakula kufikira mafupa a miyendo anayamba kuthyoka, ndi mankhwala obisa ululu anabwereranso. M'mwezi wa March 2015 FEI inaimitsa dziko la United Arab Emirates kwa miyezi ingapo cifukwa ca zimenezi. Msotho wa m'mapiri, amene kavalo wace wamfupi ndiye galimoto wace, sangamthe tsiku limodzi, popeza amfuna mawa; koma mwini akavalo mazanamazana afunika lamulo lomgwira dzanja.

Ife a dziko la macira tiwerenga malamulo a sing'anga aja ndi mtima wolemera pang'ono. Palibe anaima pa Njuli kapena pa Namadzi kumvera mtima wa anyamata onyamula Bwana, kapena kupapasa mapewa ao pokhala mtengo. Cisamaliro cimene kavalo wa mpikisano alandira lero pa makilomita 30 kapena 40 ali onse, agogo athu sanaciona pa ulendo wonse.

Njinga, njanji ndi galimoto zinacotsa macira m'misewu, ndipo zinafika kavalo asanapeze malo. Pamene katemera anapezeka, nchito yace inali itatengedwa kale. Akavalo owerengeka a m'Malawi muno ali a masewera ndi a alendo odzaona dziko, amene m'zaka zapitazi akwera pa phiri la Zomba, ku Nyika ndi ku Kande m'mbali mwa nyanja. Mbale wace amene anakhazikika ndiye bulu wa Gamitto uja, wokoka ngolo ku Dedza ndi ku Lilongwe. Koma pa iye pali kulakwa kumene tinatengera ku ng'ombe. Ng'ombe iri ndi linunda ndi khosi lolimba, ndipo goli la mtengo liikhala bwino. Bulu alibe linunda, mphamvu yace iri pacifuwa ndi m'mapewa monga kavalo. Goli likamangidwa pa khosi lace limceka zironda, ndipo akoka mocepa. Comuyenera ndi lamba wotambalala wopingasa pacifuwa, wa cinsalu colimba kapena wa cikopa cofufuta, wokhala ndi kansalu kofewa m'kati, ndi lamba wina wa kumbuyo wogwira ngolo potsetsereka. Pomasula madzulo mwini ayendetse dzanja ponse pamene lamba anakhudza, ayang'ane m'ziboda ngati mwalowa mwala, ndipo bulu amwe asanalowe m'khola.